Kupweteka kwa mawere msambo ukayandikira: zoyambitsa ndi thandizo lake m'chigwa cha Shire

Amayi ambiri a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, monganso anzawo m'madera ena a dziko lino, amamva mawere kulemera ndi kupweteka pakatsala masiku ochepa kuti ayambe kusamba. Ululuwu umabwera mwezi ndi mwezi, umagwira mawere onse awiri, ndipo umazilala magazi akangoyamba kutuluka. Akatswiri a zaumoyo amati ululu wotere si chizindikiro cha khansa, ndipo nthawi zambiri umatheka kuuchepetsa pakhomo pomwepo popanda kuononga ndalama zambiri.

Chodetsa nkhawa n'chakuti nkhaniyi anthu ambiri amaimva mozondoka. Mayi amene mawere akumupweteka amagona ndi mantha poganiza kuti wagwidwa ndi khansa, pamene mnzake amene wapeza chotupa cholimba koma chosapweteka amangokhala phee poti palibe chikumusautsa. Chonsecho khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba ngati chotupa chosapweteka.

M'chigwa cha Shire kusiyanitsa zinthu ziwirizi n'kofunika kwambiri kaamba ka kutalika kwa mitunda. Malinga ndi kalembera wa chaka cha 2018, boma la Chikwawa linali ndi anthu 564,684 ndipo la Nsanje linali ndi anthu 299,168. Matenda akakula, anthu onsewa amadalira chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Chikwawa ndi oposa 170 kuchokera pa boma la Nsanje. Ulendo wokwera zitunda za Thabwa umadya ndalama za banja. N'zomvetsa chisoni banja likagulitsa mbuzi chifukwa cha ululu womwe ukanatha wokha, koma n'zoopsa kuposa pamenepo mayi akazengereza ndi chotupa kwa chaka chathunthu.

Zomwe zimachitika m'thupi

Nyengo ya msambo amaiwerenga kuyambira tsiku loyamba kutuluka magazi kufikira tsiku limene magazi a mwezi wotsatira ayamba. Kwa amayi ambiri nyengoyi imatenga masiku pafupifupi 28, ngakhale kuti masiku 21 mpaka 35 ndi abwinobwino. Dzira limakhwima n'kutuluka m'thumba lake pakatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wina uyambe.

Zonsezi zimayendetsedwa ndi mahomoni, omwe ndi timadzi topangidwa m'thupi momwemo n'kumayenda m'magazi kukalamula ziwalo zochita. Pa nkhani ya mawere, mahomoni otchuka ndi awiri. Homoni ya estrogen imachuluka m'masiku oyambirira mpaka dzira litatuluka, ndipo imakulitsa tinjira todutsa mkaka. Dzira likatuluka, homoni ya progesterone imakwera n'kutupitsa timatumba topanga mkaka. Magazi oyenda m'mawere amachuluka, madzi amadzazana m'minofu, bere limakula pang'ono n'kulemera. Kunena mwachidule, mwezi uliwonse thupi limakonzekera mimba ndi kuyamwitsa. Mimba ikapanda kuima, mahomoni awiriwa amatsika, chiberekero chimataya magazi, ndipo mawere amaphwa n'kubwerera mwakale.

Ichi n'chifukwa chake ululuwu uli ndi nthawi yake. Umayamba pakatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti msambo ufike, umakula kwambiri masiku awiri kapena atatu omaliza, kenako n'kuchepa. Amayi amaufotokoza ngati kulemera, kudzaza kapena kuwawa kwapansipansi, osati kubaya. Umamveka kwambiri kumtunda kwa bere, mbali ya kukhwapa, poti kumeneko ndiko kuli timatumba tambiri ta mkaka, ndipo nthawi zina umafika mpaka m'khwapa ndi kumkono. Bere limodzi likhoza kupweteka kuposa linzake. Pogwira, mawere amamveka ngati muli timibulu tambirimbiri tofewa, koma timibuluti timachepa kapena kuzimiririka msambo ukatha.

Mabuku a zachipatala amati amayi pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse amamvapo ululu wa m'mawere pa moyo wawo, ndipo mwa amayi atatu aliwonse odandaula za ululuwu, awiri amakhala kuti ululu wawo ukutsata msambo. Vutoli limakonda amayi a zaka za m'ma 20 mpaka m'ma 40. Kwa ena limakula akayandikira kusiya kusamba, nthawi imene mahomoni amakwera ndi kutsika mosalongosoka, ndipo limatha akasiyiratu.

Chodabwitsa n'chakuti akayeza magazi a amayi amene amavutika kwambiri, mlingo wa mahomoni awo nthawi zambiri umapezeka wofanana ndi wa amayi ena. Zikuoneka kuti kusiyana kuli m'mawere momwemo: a ena amamva msanga kusintha kwa mahomoni kuposa a anzawo. Choncho palibe chifukwa chakuti mayi alipire ndalama zoyezetsa mahomoni kaamba ka ululu wotere wokha.

Njira zolera, mimba ndi mankhwala ena

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi apabanja 58 mwa 100 aliwonse m'dziko muno ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolera. Mwa amayi 100 aliwonse, 30 ankabayitsa jakisoni ndipo 12 anali ndi njira ya pamkono. Njira zimenezi, pamodzi ndi mapiritsi olera, zili ndi mahomoni, motero zikhoza kupweteketsa mawere makamaka m'miyezi yoyambirira.

Kwa amayi ambiri ululu wobwera ndi jakisoni wa Depo-Provera, mapiritsi, Jadelle kapena Implanon umachepa pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono. Vuto limadza mayi akasiya njirayo mwakachetechete poopa kuti ikumuyambitsa khansa, n'kutenga mimba yosakonzekera. Chanzeru ndi kubwerera kusikelo ya kulera kukafotokoza, poti anamwino akhoza kusintha mtundu wa mapiritsi kapena kupereka njira ina. Lupu ya kopa ilibe mahomoni ndipo sikhudza mawere.

Amayi obayitsa jakisoni ambiri amasiya kuona msambo kapena amangodontheza mosadziwika tsiku. Kwa iwowa n'kovuta kudziwa ngati ululu ukutsata mwezi, choncho ululu ukapitirira ndi bwino kukapimidwa.

Kupweteka kwa mawere ndi chimodzinso mwa zizindikiro zoyambirira za mimba. Ngati mawere akupweteka koma tsiku la msambo ladutsa, choyamba ndi kuyezetsa mimba mayi asanamwe mankhwala alionse opha ululu kupatula paracetamol.

Palinso mankhwala a matenda ena omwe amatupitsa kapena kupweteketsa mawere. Ena mwa iwo ndi spironolactone ndi digoxin, omwe amaperekedwa pa matenda a mtima, methyldopa wa kuthamanga kwa magazi, komanso mankhwala ena a matenda a maganizo. Mankhwala otalikitsa moyo a efavirenz amadziwika kuti amakulitsa mawere, ngakhale a abambo. Dziko la Malawi lidayamba kusamutsira anthu ambiri ku mankhwala a dolutegravir m'chaka cha 2019, koma aliyense amene akuona kusintha kwa mawere ali pa mankhwala otalikitsa moyo ayenera kuuza achipatala, osati kusiya kumwa.

Atsikana otha msinkhu nawo ali ndi gawo lawo. Mawere akamaphuka pamabwera kachotupa kowawa pansi pa nsonga, ndipo kawirikawiri bere limodzi limatsogola linzake. Izi n'zachilengedwe. Anankungwi, aphunzitsi aakazi ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu akhoza kuchotsa mantha ambiri pongonena zimenezi poyera, ndi kuletsa kufinya kapena kumanga mawere a mwana pofuna kuti afanane.

Ululu wosatsata mwezi

Si ululu wonse womveka pa bere umene umachokera m'bere. Pansi pa mawere pali minofu ya chifuwa ndi nthiti, ndipo ntchito za amayi a m'chigwa zimalemetsa malo amenewa: kusinja mapira ndi mchewere, kupopa madzi pa mjigo, kusenza ndowa, kulima m'madimba a m'mphepete mwa Shire, kutola thonje tsiku lonse chowerama, ndiponso kupalasa njinga yonyamula katundu m'misewu ya mabampu. Ululu wa minofu umakhala mbali imodzi, pamalo amodzi oti munthu angaloze ndi chala, ndipo umakula akakweza mkono, akapuma mokoka kapena akadina pa nthiti. Sulabadira za tsiku la msambo.

Kwa mayi woyamwitsa, bere lotupa, lofiira, lotentha ndi lopweteka, pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuzizidwa, limasonyeza kuti mkaka waundana kapena mwalowa tizilombo. M'dera la malungo ngati chigwa cha Shire n'kosavuta kuganiza kuti ndi malungo n'kuiwala kutchula za bere kwa dokotala. Vutoli likachedwa limasanduka chithupsa chofuna kuchotsa mafinya. Kawirikawiri mayi amalangizidwa kupitiriza kuyamwitsa kuti mkaka uziyenda, koma amene ali ndi kachilombo ka HIV afulumire kukafunsa uphungu wa momwe angayamwitsire bere likadwala kapena nsonga ikang'ambika.

Mashingozi nawo amayamba ndi ululu wotentha ngati moto mbali imodzi ya chifuwa matuza asanatuluke. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kumapyola madigiri 40, thukuta losauma pansi pa mawere limasupula khungu n'kuyambitsa kuyabwa ndi kunyerenyesa. Limeneli ndi vuto la pakhungu, lofuna kusamba, kupukuta bwino ndi kuvala nsalu ya thonje.

Ululu wa pachifuwa wobwera ndi befu, thukuta lozizira kapena kupanika, makamaka mbali ya kumanzere, usatengedwe ngati wa bere. Ukhoza kukhala wa mtima kapena mapapo ndipo umafuna chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso ululu wotsagana ndi chifuwa chosatha, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, zomwe zimafuna kuyezetsa chifuwa chachikulu.

Kalendala

Chida chodalirika kwambiri posiyanitsa mitundu ya ululuyi si makina ayi, koma pepala ndi cholembera. Madokotala a mumzinda wa Cardiff ku Wales, omwe adafufuza kwambiri za vutoli, adakonza tchati choti mayi azilembapo tsiku ndi tsiku ngati ululu palibe, ulipo pang'ono kapena ndi waukulu, n'kumaikanso chizindikiro pa masiku a msambo. Kalendala wamba wa pakhoma kapena tsamba la m'kope zimagwira ntchito yomweyo. Amene sadziwa kulemba akhoza kujambula mzere pa tsiku la ululu ndi kabwalo pa tsiku la magazi.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu chithunzi chimaoneka chokha. Ngati mizere ikuunjikana kutsogolo kwa msambo n'kusowa msambo ukatha, ululuwo ndi wa mahomoni. Ngati yamwazika mwezi wonse kapena ili tsiku lililonse pamalo amodzi, pakufunika kupimidwa. Pepala limeneli likapita limodzi ndi buku la kuchipatala limathandiza dokotala, amene pa mzere wautali wa odwala amakhala ndi mphindi zochepa zofunsira mafunso.

Kalendala ndi wa ululu wokha. Mayi amene wapeza chotupa asadikire miyezi itatu akulemba.

Zochepetsa ululu

Zomwe madokotala adaona m'maiko osiyanasiyana n'zakuti amayi ambiri obwera ndi ululu wotsata msambo safunanso mankhwala akapimidwa n'kutsimikiziridwa kuti si khansa. Chimawafikitsa kuchipatala ndi mantha kuposa ululu weniweniwo. Kwa ena vutoli limatha lokha pakapita miyezi, ngakhale limatha kubwereranso.

Thandizo loyamba ndi kamisolo wokwana bwino. Bere lotupa likamagwedezeka poyenda, pothamanga kapena pa kabaza, minofu yoligwirizira imakokeka ndipo ululu umakula. Amayi ambiri amagula makamisolo pa kaunjika mongoyerekeza ndi maso, osayesa, ndipo ena amakhala otamuka kale. Kamisolo woyenera amagwira mawere onse osawafinya, lamba wake sakwera kumsana, ndipo zingwe zake sizisiya mikwingwirima pa mapewa. Popeza mawere amakula pang'ono msambo ukayandikira, ena zimawathandiza kukhala ndi kamisolo wokulirapo wa masiku amenewo, ndi wina wofewa wogona naye. Okhala ndi waya kunsi amabaya bere lotupa. Pa kutentha kwa m'chigwa, wa nsalu ya thonje ndiye wabwino kuposa wa nayiloni.

Pamenepa mpofunika kutchulapo mphekesera yomwe imamveka m'misika yambiri, yakuti kusunga ndalama kapena foni m'kamisolo kumayambitsa khansa. Palibe umboni wa sayansi wotsimikiza zimenezi. Ndalama zachitsulo ndi foni zikhoza kukanda khungu ndi kudina bere lomwe likupweteka kale, basi. Kuipa kwa mphekeserayi n'kwakuti mayi amene sasunga kanthu m'kamisolo amadziona ngati wotetezeka.

Kuthowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kumathandiza ena, pamene ena amapeza mpumulo ndi kansalu ka madzi ozizira a mumtsuko. Palibe njira yoposa inzake. Mayi asankhe imene ikumukomera, bola madziwo asakhale otentha moti n'kuwaula khungu.

Pa mankhwala, paracetamol, yemwe ambiri amamudziwa kuti Panado, ndiye woyambira. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500 pakatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Kupyola pamenepo kumaononga chiwindi. Mankhwala ambiri a chimfine ndi mutu ogulitsidwa m'magolosale ali kale ndi paracetamol, choncho kuwaphatikiza n'kumwa mankhwala amodzi kawiri mosadziwa.

Ibuprofen, wotchuka ndi dzina la Brufen, amathandiza pa ululu wa mawere ndi cham'mimba cha msambo nthawi imodzi. Amamwedwa munthu atadya. Sayenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena amene akuganiza kuti ali ndi pakati, ndipo odwala mphumu, mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa achipatala. Chenjezo la impso n'lofunika kwambiri m'chigwa cha Shire. Munthu wogwira ntchito padzuwa m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo kapena m'munda wa thonje amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo ibuprofen womwedwa thupi lili louma amalemetsa impso. Womwa mankhwalawa nyengo yotentha azimwa madzi okwanira ndipo asawamwe masiku ambiri motsatizana.

Mankhwala opaka a diclofenac adaonetsa pa kafukufuku kuti amachepetsa ululu wa m'mawere, ndipo ubwino wake ndi wakuti ochepa okha ndiwo amalowa m'magazi. Amapakidwa pakhungu lopanda bala. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asawagwiritse ntchito asanafunse.

Mankhwala onsewa ndi bwino kuwalandira kuchipatala kapena kuwagula m'masitolo ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mapiritsi oyalidwa pamphasa tsiku la msika, padzuwa la ku Nsanje, palibe angatsimikize mphamvu yake kapena tsiku lake lothera ntchito. Maantibayotiki monga amoxicillin sathandiza chilichonse pa ululu wa mahomoni, poti palibe tizilombo toti aphe.

Pali malangizo ena ofala omwe umboni wake ndi wofooka. Kusiya khofi, tiyi ndi zakumwa za kola kumatchulidwa kawirikawiri, koma kafukufuku sadapeze phindu lodalirika, ngakhale amayi ena amati zimawathandiza ndipo kuyesa sikuononga kanthu. N'chimodzimodzinso mavitamini E ndi B6. Mafuta a evening primrose, omwe amagulitsidwa mokwera mtengo m'mafamase a m'tauni, dziko la Britain lidawachotsera chilolezo chokhala mankhwala a vutoli m'chaka cha 2002 litaona kuti umboni wa mphamvu yake ndi wosakwanira. Mapiritsi okodzetsa, omwe ena amamwa pofuna kuchotsa madzi m'thupi, sathandiza ndipo pa kutentha kwa m'chigwa ndi oopsa.

Kuchepetsa mchere m'zakudya n'kwabwino pa kuthamanga kwa magazi ndipo ena amati kumachepetsa kudzimbirira kwa masiku amenewa. Zimenezi zisasokonezedwe ndi mwambo wakale woletsa mayi amene ali kumwezi kuthira mchere m'ndiwo, womwe ndi wa chikhulupiriro cha tsempho ndipo sukhudzana ndi mawere.

Kutema mphini pa bere n'kupakapo mankhwala azitsamba kumatsegulira njira tizilombo, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo likhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Choipa china n'chakuti ululu wa msambo umatha wokha pakapita masiku, ndiye mphini zimatamandidwa pa ntchito yomwe sizidagwire. Tsiku lina pakabwera chotupa chenicheni, banja limabwerera komweko n'kutaya miyezi.

Amayi ochepa amavutika kwambiri moti amalephera kugona, kugwira ntchito, kunyamula mwana kapena kukhala malo amodzi ndi amuna awo. Ululu wotere ukapitirira miyezi isanu ndi umodzi njira zonsezi zitalephera, madokotala a zipatala zikuluzikulu amatha kupereka tamoxifen wa mlingo wochepa kapena danazol kwa miyezi yowerengeka. Mankhwalawa ali ndi zovuta zake. Danazol amanenepetsa, amameretsa tsitsi kumaso ndipo amatha kukulitsa mawu, pamene tamoxifen amabweretsa kutentha kwa thupi kodzidzimutsa komanso chiopsezo cha kuundana kwa magazi. Onse awiri akhoza kuvulaza mwana wosabadwa. Si mankhwala ogula munthu payekha.

Zizindikiro zosafuna kudikira

Nthawi yabwino yoti mayi adzipime ndi patapita masiku ochepa msambo utatha, mawere ataphwa. Amayang'ana pagalasi manja ali pansi, kenako atakweza, n'kupapasa bere lonse mpaka m'khwapa ndi zala zitatu zapakati atagona chagada. Amene adasiya kusamba asankhe tsiku limodzi pa mwezi. Cholinga ndi kudziwa mawere ake momwe amakhalira kuti chachilendo chikabwera achizindikire msanga.

Chotupa cholimba chomwe sichikuchoka msambo utatha chimafuna kupimidwa, chipweteke kapena chisapweteke. Chimodzimodzi chotupa cha m'khwapa, nsonga yomwe yayamba kulowa mkati, magazi kapena madzi otuluka okha ku nsonga imodzi, khungu lobooka timaenje ngati khoko la lalanje, bala losapola, ndi bere lomwe lasintha kukula kapena maonekedwe. Ululu wa pamalo amodzi wosasuntha kwa masabata angapo, ndi ululu watsopano kwa mayi amene adasiya kusamba, nawonso asanyozeredwe. Pali mtundu wina wa khansa womwe umafiiritsa ndi kutupitsa bere ngati chithupsa. Bere lotere likapanda kusintha munthu atamaliza maantibayotiki, abwererenso kuchipatala osataya nthawi.

Zotupa zambiri, makamaka mwa atsikana ndi amayi achitsikana, zimapezeka kuti si khansa. Koma zala zokha sizingagamule, ngakhale za dokotala. Chimatsimikiza ndi sikani komanso kutenga kachidutswa ka chotupacho kukakayeza ku labotale.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2022 amayi 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere ndipo 670,000 adamwalira nayo. Bungweli lidaonetsanso kuti m'maiko olemera amayi oposa 90 mwa 100 aliwonse amakhalabe moyo patatha zaka zisanu chipezekereni nthendayi, pamene ku South Africa ndi 40 okha. Gawo lalikulu la kusiyanaku limachokera pa kuchedwa kupezeka ndi kuchedwa kulandira thandizo. Kuno ku Malawi khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ili patsogolo pakati pa amayi, ndipo ya m'mawere ili m'gulu la zotsatira. Odwala ambiri amafika m'zipatala zikuluzikulu nthenda itafalikira kale.

M'chaka cha 2021 bungwe la WHO lidakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi khansa ya m'mawere yomwe ili ndi zolinga zitatu: kuti odwala 60 mwa 100 aliwonse azipezeka nthenda ikadali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, kuti kupima konse kuzitha pasanathe masiku 60 mayi atafika koyamba kuchipatala, ndi kuti odwala 80 mwa 100 aliwonse azimaliza thandizo lawo. Unduna wa Zaumoyo nawo uli ndi ndondomeko yothana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029, ndipo boma lidamanga chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Masiku 60 amenewa ndiwo muyeso wovuta m'chigwa cha Shire. Mayi amayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kuchoka apo amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, ku Ngabu, kapena ku zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Akafunika kuonedwa ndi madokotala a opaleshoni amapatsidwa kalata yopita ku Queen Elizabeth. Sitepe iliyonse ili ndi mtengo wa ulendo, tsiku lodikira ndi chilolezo cha kunyumba. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adadula misewu ndi milatho, ndipo madera ngati Makhanga nthawi zina ankafikika pa bwato kapena helikopita basi. Pa nyengo zotere mabuku a kuchipatala amakokoloka, masiku a jakisoni amadumphidwa, ndipo m'misasa yodzaza anthu mayi alibe pobisala poti n'kudzipima. Mayi amene wapatsidwa kalata yopita ku Blantyre mwezi wa Novembala ndi bwino anyamuke mvula isanalimbe.

Kupima mawere ndi manja sikufuna makina kapena magetsi. Kafukufuku wochitikira m'zipatala za mumzinda wa Lilongwe, yemwe zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2016, adaphunzitsa amayi wamba kupima anzawo, ndipo amayi 1,000 omwe adabwerera zifukwa zina kuchipatala adavomera kupimidwa. Phunziro lake kwa makhonsolo ndi maofesi a zaumoyo a m'maboma ndi lakuti mayi amene wabwera kale kusikelo ya kulera, ya ana, ya mankhwala otalikitsa moyo kapena kudzayezetsa khomo la chiberekero akhoza kupimidwa mawere tsiku lomwelo, ngati pali chipinda chotseka ndi wogwira ntchito wophunzitsidwa. Amayi ambiri amamasuka akapimidwa ndi mayi mnzawo, ndipo kumadera kumene anthu amalankhula Chisena kapena Chimang'anja uthenga umalowa bwino ukaperekedwa m'chilankhulo cha pamudzipo kudzera mwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo.

Akuluakulu a m'maofesi ndi m'sukulu alinso ndi mbali yawo. Mphunzitsi, namwino kapena kalaliki wa ku Nsanje amene watumizidwa ku Blantyre kukapimidwa chotupa sapita kamodzi kokha: pali tsiku loonana ndi dokotala, la sikani, lotenga kachidutswa koyeza ndi lokamva zotsatira. Wogwira ntchito wotere amafuna chilolezo cha maulendo onsewo popanda kukakamizidwa kufotokoza za thupi lake pamaso pa anzake a mu ofesi.

Abambo nawo ali ndi timinofu ta mawere pansi pa nsonga, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliwonse opezeka ndi khansa ya m'mawere amakhala mwamuna. Bambo amene waona chotupa cholimba mbali imodzi ya chifuwa, kapena magazi ku nsonga, amatsata njira yomweyo yoyambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo.